Ndinatsika Sitima ndi Gitala Yanga

Tazimitsa kaye kafoni kako, Tadala. Sindikuti uchepetse, ndati zimitsa. Nawe Yamikani, mwamuna wanga waulesiwe, sendera kuno kumthunzi usiye kugenda mbuzi za eni. Ndamva zimene anakuuzani kumjigo dzulo. Akuti agogo anu anawathamangitsa mu bandi chifukwa sankatha kuimba. Amene wakuuzani zimenezoyo nthawi imeneyo ngakhale amayi ake anali asanamere mano. Ine Rozaliya Naphiri palibe anandithamangitsa. Ndinachoka ndekha, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Khalani pansi ndikuuzeni, kuti mawa wina akadzayambanso mudzadziwe pomuyankha.

Ndinabadwira konkuno kumunsi kwa phiri, pafupi ndi Mua, kumene mwezi wa Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda chiyasamire. Tinali ana awiri, achimwene anga a Gerevaziyo ndi ine. Abambo anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi ine ndikukwawa. Chaka choyamba makalata ankabwera. Chaka chachiwiri inabwera imodzi. Kenako zii, mpaka lero. Amayi anatilera ndi thonje. Inu thonje mumangoliona pa lole likudutsa. Ife tinkalitola chiweramire kuyambira mame asanaume, zala zikutuluka magazi chifukwa cha makoko ake, kenako nkulisenza pamutu mpaka kumsika. Ndiye mukamandiuza kuti mwatopa chifukwa mwapopa ndowa ziwiri pamjigo, ndimangokuyang'anani.

Kuimba ndinayambira mu kwaya ku Mua. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti mawu ali ndi makwerero, ena pansi ena pamwamba. Koma chimene chinanditembenuza mutu chinabwera pa sitima.

Achimwene atakula anapeza ntchito yokonza njanji ku Golomoti. Anazolowerana ndi anthu ogwira ntchito m'sitima, ndipo mmodzi wa iwo anawagulitsa galamafoni ya mabatire ndi mbale zake zingapo. Chisomo, usaseke, si mbale zodyera ayi. Zinali zakuda, zozungulira, zopyapyala, ndipo ukaiwala imodzi padzuwa la kuno unkaipeza itapindika ngati chikopa cha mbuzi. Pamwamba pake pankayenda kasingano, nyimbo nkumatuluka. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi, achimwene ankayala mphasa pansi pa mtengo wa masau, nkupukuta mbale iliyonse ndi kansalu kake kosagwiritsidwa ntchito ina, ngati akusambitsa khanda.

Nyimbo zake zinali za roko, za magulu a kutsidya kwa nyanja zamchere. Chingerezi chake sitinkachimva chonse, koma gitala ya magetsi sifuna womasulira. Tsiku loyamba kuimva ndinali ndikupeta chimanga. Ndinasiya lichero pansi, nkhuku nkudya mmene zinafunira, ine osaziona nkomwe. Inkalira ngati munthu amene wapsa mtima kwa zaka zambiri ndipo lero wapeza pakamwa.

Panali gulu limodzi la anyamata asanu limene tonse tinkalikonda kuposa ena. Achimwene ankafera woimba wa patsogolo, wa tsitsi lofika m'mapewa ndi malaya osamanga mabatani. Ine mtima wanga unali pa wina amene pa chithunzi cha pachikuto anaima kumapeto, nkhope yake theka itadulidwa, maso ali pansi. Ameneyo ndiye ankaliza gitala. Ndinkawauza achimwene kuti, "Wanuyu akungokuwa, ntchito akugwira ndi uyu."

Iwo ankati, "Iwe ukudziwa chiyani? Ngolo imadziwika ndi ng'ombe ya patsogolo."

Tsiku lina anabwera kuchokera kuntchito nkhope ili gwa. Anali atamva pa wailesi kuti gulu lija latha, aliyense watenga njira yake. Ndithu ana inu, munthu wamkulu wa ndevu anakana chakudya chifukwa cha azungu amene sankamudziwa nkomwe. Amayi anafunsa kuti, "Kodi wamwalira ndani?" Atamva nkhani yake anangoti, "Ha, ndiye ndiwauze anthu abwere adzakhuze?"

Koma patapita nthawi, mbale zina zinayamba kufika, aliyense wa anyamata aja akuimba payekha. Ya woimba wa achimwene ija inafika poyamba. Mawu anali omwe aja, okoma ndithu, sindinganame, koma kumbuyo kwake kunali mbee, ngati ndiwo zopanda mchere. Kenako inafika ya wanga uja. Ine ndinkaganiza kuti adzangoliza gitala basi. Ayi, munthu uja anatsegula pakamwa nkuimba, nyimbo zopeka yekha, zambirimbiri, moti unkachita kudabwa kuti zaka zonsezi ankazisunga pati. Panalinso mayi wina wa mawu okhakhala ngati wadya chimanga chokazinga, amene naye anasiya gulu lake nkuyamba kuimba yekha, ndipo ankaimba ngati alibe woti amuope padziko. Awiri amenewo ndi amene anandiphunzitsa kuti m'gulu mumabisala anthu. Mkangano wa woimba ndi woliza gitala tinakangana ndi achimwene mpaka imvi, ndipo anapita kumanda asanavomere.

Gitala yanga yoyamba ndinapanga ndekha. Chigubu cha mafuta ophikira, thabwa la mlombwa lotsala kwa kalipentala, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Ndinkaibisa m'kamsasa ka kumunda. Amayi akapita kukatunga madzi, ine ndinkaitulutsa nkumasakasaka ndi zala zimene ndinamva pa mbale zija. Achimwene anandipezerera tsiku lina. Anaima nkumvetsera, kenako anati, "Mawa uvale bwino, tipita ku Golomoti."

Ku Golomoti kunali a Sitefano, mwana wa mwini golosale. Bambo awo anali opeza bwino, ndiye a Sitefano anali ndi magitala awiri a magetsi, ndi wailesi yakale imene munthu wina anaisandutsa chokuzira mawu, yoyendera batire ya galimoto. Analinso ndi mawu abwino, zimenezo sindingawalande. Panali Juma, mwana wa msodzi wa kunyanja, amene ankaliza gitala ya mawu aakulu, ija imagunda pamtima. Achimwene ankaimba ng'oma zimene anapanga okha ndi zikopa za mbuzi, ndi chitsulo cha pulawo yakutha pambali. Ine ndinakhala wachinayi. Tinadzitcha Mabingu.

Amalume atamva anabwera kunyumba ali lilime panja ndi ukali. "Mwana wamkazi kumaima pagulu ndi anyamata, akukanda mawaya! Adzamukwatira ndani?" Amayi anali akusankha thonje pakhonde. Sanakweze ngakhale mutu. Anangoti, "Achimwene, ine ndinakwatiwa mwaulemu, ankhoswe mbali zonse. Mwamunayo ali kuti? Musiyeni mwana." Amalume anatola chipewa chawo nkubwerera.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene mkazi sankaloledwa kuvala buluku ndipo mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. A Sitefano ankafunitsitsa kufanana ndi a pa zikuto aja, ndiye ankaweta tsitsi nkumalipanikiza m'chipewa cha ubweya, m'kutentha kwa ku Golomoti! Thukuta linkachita kuyenderera m'makutu. Ine ndinkaimba roko nditavala chitenje chofika m'mapazi ndi duku kumutu, ngati ndikupita ku Misa. Koma zala zanga sizinkavala duku.

Ndinalima munda wanga wanga wa thonje zaka ziwiri, mpaka ndinagula gitala yangayanga ya magetsi kwa munthu wa m'sitima. Ndi yomweyi mumaiona m'chipinda, yofiira, yosupuka pamene pamakhala mkono. Muigwire mawu amenewa: inali yanga, osati ya a Sitefano.

Tinaimba zaka zitatu. M'maukwati, m'misika ya thonje, m'mabwalo a mpira masewera akatha. Poyamba tinkangotsanzira za pa mbale, Chingerezi chathu chili chopunduka moti mwini chinenero akanamva akanalira. Kenako ndinati, bwanji tiimbe zathu? Ndinapeka nyimbo ya abambo. Ndinaitcha "Kalata ya ku Joni." Inkayamba pang'onopang'ono, gitala yokha, ine nkulowa:

Sitima yabwera, yatsitsa matumba,
Yatsitsa alendo, inu simunatsike.

Ikafika pakati ng'oma zinkalowa mwaukali, gitala nkukuwa. Kuno kunalibe mudzi umene unalibe munthu wake wotsalira ku Joni. Ndinaonapo amayi akuluakulu akuvina misozi ili mbwembwembwe. Kulikonse kumene tinkapita anthu ankakuwa kuti, "Ya ku Joni! Tikufuna ya ku Joni!"

Tsiku lina pamsika wa thonje panali bambo wina wa mumzinda, wa jekete ndi nsapato zowala. Anatimvetsera mpaka kumapeto, kenako anakambirana ndi a Sitefano pambali. Uthenga unali woti tipite ku Blantyre tikajambule nyimbo, zizikamveka pa wailesi. Sabata imeneyo ndinkayenda ngati sindikuponda pansi. Amayi anandisokera diresi kwa telala, anandikazingira mtedza, anandiphikira chigumu cha pa ulendo. Ine ndinali ndisanapitepo kupitirira Balaka.

Tinakwera sitima pa Golomoti chakumasana. Nditakhala pansi, gitala ili pamiyendo, ndinaona kuti tili asanu. Wachisanuyo anali Lukasi, msuweni wa a Sitefano, amene ankadziwa kukanda pang'ono. Ndinayesa akungotiperekeza. Sitima isananyamuke, a Sitefano anakhosomola nkunena kuti:

"Roza, pali zimene tagwirizana. Kumene tikupitaku ndi kutauni, si kumsika wa thonje. Bwana uja wanena kuti mkazi woliza gitala anthu sangamumvetse. Ndiye gitalayo umubwereke Lukasi. Iwe uzikaima kumbuyo, uzikavomera nyimbo ndi kuwomba m'manja."

Ndinati, "Nanga ya ku Joni?"

"Ndikaimba ine. Mawu a mwamuna amamveka bwino pa wailesi."

"A Sitefano, bambo anu ali pagolosale apo, ndikuwaona pawindo pano akuyeza mchere. Inu mukaimba kuti ndani sanatsike sitima?"

Anthu a m'mipando yoyandikana anayamba kutembenuka. A Sitefano anatsitsa mawu. "Usatichititse manyazi pagulu. Nyimbo ikalowa mu bandi ndi ya bandi. Ndipo bandi ndi yanga, zida ndi zanga."

Juma anapukusa mutu nkunena chapansipansi kuti, "Wallahi, ichi si chilungamo." Koma sanapitirire pamenepo. Ine ndinayang'ana achimwene. Ndinati, "Achimwene, inu mumadziwa zimenezi?" Anali akuyang'ana zala zawo. Ana inu, mawu a a Sitefano anandipweteka, koma chete wa achimwene ndi amene anandilasa.

Sitima inaliza wezulo. Ku Blantyre ndinkakufuna, musaganize kuti sindinkakufuna. Ndinkafuna amayi adzamve dzina langa pa wailesi. Ndinaganizanso kuti mwina abambo, kulikonse kumene ali, mphepo ingawafikitsire mawu anga. Zonsezo zinali m'sitima imeneyo. Koma Lukasi anali atatambasula kale dzanja kuti alandire gitala, akumwetulira ngati akulandira chenje.

Ndinaimirira. Ndinakoleka gitala kumsana, ndinanyamula kathumba kanga, nkuyenda kupita kukhomo. Mawilo anali atayamba kale kugudubuzika. A Sitefano anakuwa kuti, "Ukatsika, usadzabwerenso!" Ndinati, "Mwanena bwino." Ndinadumpha. Ndinagwera pa miyala ya njanji, bondo nkusupuka, diresi latsopano nkung'ambika, koma gitala sinakhudze pansi. Amayi ogulitsa nthochi pa siteshoni anandidzutsa, wina akuti, "Mwaiwala chiyani, mwana?" Ndinati, "Sindinaiwale kanthu, amayi."

Ndinayenda wapansi kubwerera kunyumba, ndikudya chigumu changa ndekha, ndikulira. Inde ndinalira, Tadala, usandiyang'ane choncho. Munthu ukhoza kulira uku ukudziwa kuti sunalakwe.

Patapita miyezi iwiri, ndili pachigayo ndi amayi, wailesi ya mwini chigayo inayamba nyimbo. Ndinaidziwa isanathe mpweya woyamba. Lukasi ankapunthwa pa nsambo ngati munthu woyenda m'matope, koma inali yomwe ija. Itatha, muulutsi anati, "Imeneyo ndi Kalata ya ku Joni, yopeka Sitefano, akuimba ndi Mabingu." Anthu pachigayo anayamba kundiyang'ana chakuba. Amayi anamanga thumba lawo la ufa mosafulumira. Tili m'njira anati, "Mwamuna wanga anandithawa, lero nayo nkhani yake andilanda. Roza, pakamwa sanakulande. Kaimbe."

Achimwene anali atabwerako kale nthawi imeneyo. Anakhala masiku ambiri akundizungulira ngati galu amene waba dzira. Tsiku lina anakhala pansi pafupi nane nkunena kuti, "Mlongo wanga, ndinaopa kutaya mwayi, ndipo ndinataya iwe. Ndachoka mu bandi. Ndikuimbire ng'oma." Ndinawakhululukira, poti magazi ndi magazi. Koma za ng'omazo ndinakana. Ndinati, "Ndikufuna ndione kaye ngati ndingaime ndekha."

Vuto linali loti gitala ya magetsi popanda chokuzira mawu ndi thabwa chabe. Ndinamva kuti ku Mtakataka kuli munthu wokonza mawailesi, dzina lake Dominiko. Ndinapita. Ndinapeza kamunthu kochepa thupi, kofatsa, kali ndi sikuludalaiva kukhutu. Ndinalongosola chimene ndinkafuna. Anandiyang'ana, anayang'ana gitala, nkufunsa kuti, "Mukufuna imveke mpaka pati?" Ndinati, "Mpaka ku Golomoti." Anaseka mpaka kutsokomola. Patatha sabata ziwiri anali atandipangira bokosi la matabwa, m'kati muli matumbo a mawailesi atatu akufa. Ameneyo ndiye anadzakhala agogo anu aamuna. Iwe Yamikani unatengera makutu awo, koma luso la manja ayi.

Tsiku loyamba kuimba ndekha linali la msika ku Mtakataka. A Dominiko anamanga batire ndi bokosi pa njinga yawo, poti ankati akufuna akaone ngati ntchito yawo siphulika. Ndinaima pansi pa mlambe, pafupi ndi ogulitsa nsomba. Anthu anayamba kusonkhana, ambiri kudzaona zachilendo. Bambo wina wogulitsa fodya anakuwa kuti, "Thadzi likalira ngati tambala ndi malodza! Amuna ako a bandi ali kuti?" Gulu linaseka. Wina anaponya chitsononkho, chinandimenya paphewa.

Ndinapotokola kabatani mpaka kumapeto nkumenya nsambo zonse kamodzi. Mbuzi zimene zinali pa malonda zinadula zingwe. Kenako ndinatsitsa, nkuyamba ya ku Joni, pang'onopang'ono, mmene ndinaipekera. Nditafika pa mzere wachiwiri, mnyamata wina wamkulu ndithu anati, "Imeneyo ndi ya Sitefano!" Mayi wina wogulitsa utaka, wamkulu thupi, Msilamu wa kunyanja amene dzina lake sindinalidziwe mpaka lero, anatula dengu lake pansi, nkubwera kudzaima patsogolo panga, manja m'chiuno, atayang'ana gulu. Anati, "Ine ndinamumva mwanayu akuimba nyimbo imeneyi paukwati wa mchemwali wanga wailesi isanaidziwe. Amene akufuna kuponyanso kanthu ayambe wagenda ine." Palibe anaponya. Ndinaimba mpaka batire inatha.

Kuyambira pamenepo ndinayenda, ana inu. Inu mukafuna kupita pa Golomoti pomwepa mumadikira njinga yamoto. Ife tinkakankha njinga ya kapalasa yolemedwa ndi batire mumchenga wa midzi ya kwa Kachindamoto, matayala akumira, minga ikuboola machubu. Ulendo wina anatiitana ku ukwati kumtunda, ku Dedza. Tinakwera chitunda cha Khwekhwelere wapansi, agogo anu akukankha kutsogolo, ine kumbuyo, gitala kumsana. Titafika pamwamba kuzizira kunandigwira zala moti ndinachita kuziotha pa mbaula ya munthu wokazinga mbatata ndisanayambe kuimba. Pobwerera mabuleki anatha, tinamangirira nthambi ya mtengo kumbuyo kwa njinga kuti izikoka pansi. Anthu a m'njira ankayesa tikusesa msewu.

Ndinapeka nyimbo zambiri. Ya mafunde a mwera amene anameza asodzi. Ya njala ya chaka chimene tinadya gaga ndi mizu ya nthochi. Ya mkazi amene apongozi ake ankamuwerengera nkhuni. Pamene ulimi wa mpunga unayamba ku Bwanje ndinapeza nawo kachigawo, ndiye m'mawa ndinkakhala m'matope ndikuwokera, masana a Loweruka ndili pamsika ndi gitala. Ndili ndi pakati pa amayi ako, Tadala, gitala inkakhala pamwamba pa mimba ngati pa tebulo, ndipo ndikamenya nsambo iwo ankayankha ndi mwendo. Ndiye akamakuletsa phokoso masiku ano uzingowayang'ana.

Ndisakunamizeni, sindinatchuke. Sindinalowepo mu situdiyo. Mbiri yanga inkathera ku Chipoka uku, ku Kasinje uku. Panali masiku oimbira anthu asanu ndi galu. Panali amayi ena m'mudzi muno amene ankaletsa ana awo aakazi kundipatsa moni. Achimwene atamwalira, kenako a Dominiko, ndinakhala chaka chathunthu osaigwira gitala, ndipo ndinayesa kuti basi zatha. Koma tsiku lina ndikusesa ndinaigunda ndi tsache, inalira yokha, ndipo ndinapezeka ndakhala pansi ndikuimanga nsambo.

Mabingu sanakhalitse. Kutauni anakangana, Juma anabwerera ku maukonde a bambo ake, Lukasi analowa ntchito ya ulonda. A Sitefano anapitiriza okha. Anamveka pa wailesi zaka zingapo, koma nyimbo imene anthu ankaifuna kwa iwo inali imodzi yomwe ija, ndipo ina yofanana nayo sanathe kupeka. Kenako dzina lawo linazilala.

Zaka zitatu zapitazo, nthawi yokolola mpunga, inu muli kusukulu, ndinali ndikuanika mpunga pabwalo pano. Ndinamva "Odi." Panali mayi wachitsikana atagwira dzanja nkhalamba ya ndodo. Maso a nkhalambayo anali oyera ndi ng'ala, mutu uli mbee wopanda ndi tsitsi limodzi lomwe. Koma atangoti, "Kodi ndi pano pa Anaphiri?" ndinawadziwa. Mawu sakalamba msanga.

Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa thobwa. Mlendo ndi mlendo. Tinafunsana za matenda ndi za maliro. Mwana wawoyo, dzina lake Agnesi, anati, "Amayi, bambowa akhala akundivutitsa kuti ndiwabweretse. Amanena kuti munkaimba nawo kumbuyo kalekale."

Ndinati, "Kumbuyo?"

A Sitefano anagwedeza chikho m'manja. Anati, "Anaphiri, tatsala awiri. Juma anapita, Gerevaziyo anapita, Lukasi anapita. Ndimati tiimbe limodzi kamodzi kokha, ya ku Joni ija, ndisanatsatire anzanga."

Chifundo chinandigwira, sindikana. Koma ndinati, "A Sitefano, ndiimba. Koma muyambe mwamuuza mwana wanuyu kuti nyimbo imeneyo ndi ya yani."

Agnesi anadabwa. "Si ya bambo? Ife takula tikudziwa choncho. Ngakhale kutchalitchi amawatchula nayo."

Nkhalamba ija inapapasa ndodo yake. Ndinaganiza kuti idzuka nkumapita, ndipo ndikanaisiya ipite. Koma inaika chikho pansi, nkutembenukira kumene kunali mwana wake.

"Agnesi, agogo ako sanapiteko ku Joni. Anafera pagolosale pawo. Nyimbo ija anapeka ndi mayi awa, ya bambo awo. Gitala ankaliza ndi iwowa, ndipo palibe wa ife ankawafika. Ndinawalanda m'sitima. Bwana uja sananene chilichonse za mkazi woliza gitala. Ndinanena ndine, chifukwa anthu ankakuwira iwowa osati ine."

Zomaliza zija sindinkazidziwa. Zaka zonsezo ndinkasungira mkwiyo munthu wa jekete amene sanandilakwire. Ndinalowa m'nyumba nkutulutsa gitala ndi bokosi la agogo anu. Ndinaimba. Ndinayamba ndekha, ndinatsogolera ndekha. Pofika pakati ndinamva kamawu kakunjenjemera kakuvomera chapansipansi, manja owuma akuwomba mosalingana. Sindinawaletse, komanso sindinawadikire. Agnesi ankalira. Pochoka ndinawapatsa mpunga wa m'thumba, ndipo chaka chathachi nditamva za maliro awo ndinapita kukakhuza.

Tsopano taonani zalazi. Nyamakazi yazipinda ngati mizu ya chinangwa. Adokotala akuti ndizizipumitsa, ndipo amalume anu akuti adzandigulira mpando wa khushoni kuti ndizingokhala ngati nkhalamba za anthu ena. Mpandowo abweretse, ndidzaimbira pomwepo. Zala zitatu zikugwirabe, ndipo zitatu ndi zokwana. Tsiku limene mudzaone Loweruka lafika, dzuwa lakwera, m'nyumba muno muli zii, musadzavutike kundigogodera. Inu ndinu adzukulu a thobwa ndi mtedza. Mudzangothamanga kukaitana adzukulu enawo, a makasu aja.